Mukufuna kuyeza ngati sukulu imalipira ku Mulanje ndi Thyolo? Chitani chonchi

Izi ndikulembera inu amene mwafika chaka chomaliza pa Economics, kaya ku Chanco kaya kwina, supavaiza wavomera topic yoti muone ngati sukulu imawonjezeradi ndalama zomwe munthu amapeza, ndiye mwasankha kwanu ku Mulanje kapena ku Thyolo poti thiransipoti sivuta komanso nsima ya ulere ilipo kwa mayi. Topic ndi yabwino ndithu, koma dera lathu lino lili ndi misampha yake yomwe handout ya m'kalasi sinena, ndipo mukangotenga fomyula n'kuiponya pa deta osaganiza, kompyuta ikupatsani nambala yooneka bwino koma yabodza.

Musanathamangire kusindikiza makwesheniya, yambani ndi deta yomwe ilipo kale. A NSO (National Statistical Office, ofesi ya boma ya ziwerengero) ku Zomba amachita kafukufuku wa m'makomo wotchedwa IHS, woyamba unali wa 1997/98, kenako 2004/05, 2010/11, 2016/17 ndi wachisanu wa 2019/20 womwe unafikira mabanja oposa 11,000 m'dziko lonse. Detayi imapezeka ulere pa Microdata Library ya World Bank, mumangolembetsa n'kufotokoza chomwe mukufuna kuchita nayo basi. Dawunilodani ndi kwesheniya yake yomwe, muiwerenge kaye, chifukwa mafailo amabwera ndi mayina a makodi okhaokha oti simungawamve popanda pepalalo. Module B ndi ya anthu a m'nyumba, zaka zawo ndi ubale wawo, C ndi ya maphunziro, E ndi ya ntchito kuphatikizapo ganyu, G ndi ya chakudya chomwe banja ladya masiku 7 apitawo. Polumikiza mafailo gwiritsani nambala ya banja ndi nambala ya munthu zonse ziwiri, mukagwiritsa ya banja yokha mupeza kuti agogo mwawapatsa MSCE ya mdzukulu wawo.

Mukasefa kuti mutsale ndi Mulanje ndi Thyolo zokha muona kuti mabanja atsala mazana ochepa chabe, ndipo mwa amenewo omwe ali pa ntchito yolipidwa pamwezi ndi ochepa kwambiri. Apa mutha kuwonjezera Phalombe ndi Chiradzulu kuti sampulo ikule, kapena kuyendetsa dziko lonse n'kuikamo dummy (variable ya 1 kapena 0) ya maboma a tiyi. Ma weight, nambala zosonyeza kuti banja lililonse likuimira mabanja angati, musawaiwale, pa pulogalamu ya Stata yambani ndi command ya svyset, chifukwa mabanja sanasankhidwe mofanana paliponse. Ngati Stata mulibe R ndi yaulere, gretl nayonso ndi yaulere ndipo siyolemera pa laputopu yokalamba.

Fomyula yake ndi ya Jacob Mincer ya mu 1974, ndi yomwe aliyense amayambira. Kumanzere mumaika log ya malipiro, kumanja zaka zomwe munthu anaphunzira, zaka zomwe wakhala pa ntchito, ndi zaka zomwezo kuzichulukitsa zokhazokha poti malipiro amakwera msanga munthu akadali wachinyamata kenako amayamba kuima. Chifukwa cha log ija, nambala yotuluka pa sukulu mumaiwerenga ngati peresenti, tiyerekeze yatuluka 0.08, ndiye kuti chaka chimodzi chowonjezera cha sukulu chikuyendera limodzi ndi malipiro okwera ndi pafupifupi 8 peresenti. George Psacharopoulos ndi Harry Patrinos, omwe akhala akusonkhanitsa zotsatira za mayiko ambiri kwa zaka zambiri, amapeza pafupifupi 9 peresenti pa dziko lonse lapansi, ndiye yanu ikatuluka 40 kapena ikatuluka ndi minus musathamangire kusangalala kuti mwatulukira zatsopano, bwererani mukaone deta.

Zaka za sukulu werengani kalasi yomwe munthu anamaliza, Sitandade 8 ndi 8, Folomu 4 ndi 12, osati zaka zomwe anakhala akupita ku sukulu, kwathu kuno munthu amatha kubwereza Sitandade 8 katatu kudikira kusankhidwa. Ndipo chizolowezi chija chotenga zaka zakubadwa kuchotsa zaka za sukulu kuchotsanso 6 kuti mupeze zaka za pa ntchito kuno chimanama, ambiri sanayambe sukulu ali ndi zaka 6, ena anayamba ali ndi 9 ena 10, ena anasiya pakati n'kukatchola tiyi n'kubwereranso. Ngati mukufunsa nokha, funsani chaka chomwe anayamba kugwira ntchito. Komanso ine ndimakonda kuyesa kawiri, koyamba ndi zaka, kachiwiri ndi ma dummy a PSLCE, JCE, MSCE ndi koleji, chifukwa pa msika wa ntchito wa kuno chomwe amafunsa ndi pepala, munthu wofika Folomu 4 koma osakhoza mayeso nthawi zambiri amangofanana ndi wa Folomu 2.

Tsopano nkhani ya malipiro, apa m'pamene pali ntchito. Mincer ankaganiza za munthu wa ntchito imodzi wolandira pamwezi chaka chonse. Pitani ku Lujeri kapena ku Satemwa mukaone. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, nthawi imeneyo maesiteti amalemba anthu ambiri, kukauma ambiri amaimitsidwa. Munthu yemweyo mu Febuluwale ndi wotchola tiyi, mu Ogasiti akugulitsa nandolo, mu Novembala ali pa ganyu yolima mizere, Loweruka ali ndi njinga ya kabaza pa Chitakale. Mukamufunsa kuti mwezi watha munapeza zingati, yankho lidalira mwezi womwe mwafika. Ndiye funsani mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse, poyambira pa zinthu zomwe amakumbukira, nthawi yotchola, nthawi yokolola chimanga, nthawi ya zinanazi, ndipo lembani ntchito iliyonse payokha ndi masiku ake. Chinanso, kutchola kumayendera makilo a masamba, dzanja lothamanga ndi lomwe limapeza zambiri, MSCE sithandiza chilichonse pa mzere wa tiyi. Sukulu imagwira ntchito posankha kuti uli pa mzere kapena ndiwe kapitawo, kalaliki wa pa sikelo, kapena uli m'fakitale. Choncho mukaika mtundu wa ntchito ngati control mu regression yanu, mwapha nokha chinthu chomwe mumafuna kuyeza, nambala ya sukulu igwa pafupi ndi ziro ndipo mudzalemba kuti sukulu ilibe phindu pomwe phindu lake mwalibisa mu dummy.

Kwa mabanja omwe alibe malipiro enieni, alimi ang'onoang'ono a tiyi, a nthochi ku Thekerani, a tomato ndi kabichi ku Bvumbwe, njira yabwino ndi kuyeza zomwe banja limadya ndi kugwiritsa ntchito m'malo mwa zomwe limapeza. Ndi mmenenso a NSO amayezera umphawi, ndi mmene anapezera kuti 50.7 peresenti ya Amalawi anali osauka mu 2019/20. Anthu amakumbukira bwino zomwe adya sabata ino kusiyana ndi ndalama zomwe zinalowa m'thumba, komanso samabisa kwambiri. Chomwe banja ladya cha m'munda mwake, chinangwa, mbatata, kalongonda, chiikeni mtengo wa pa msika wapafupi, apo ayi mlimi wodya zake aoneka wosaukitsitsa kuposa wa pa tauni wogula wokumani tsiku ndi tsiku. Miyeso ndiye mutu weniweni, palibe amene adzakuuzeni makilo, adzati mulu umodzi wa mbatata, ndowa ya chimanga, mbale ya nyemba, kachubu ka mafuta. IHS ili ndi tebulo losinthira miyeso imeneyi kukhala makilo, koma ngati deta ndi yanu nyamulani kasikelo kakang'ono mupite pa Limbuli kapena pa Luchenza tsiku la msika muyeze milu ingapo nokha, mulu wa m'mawa ndi wa madzulo sufanana.

Ngati mwaganiza zotolera deta yanu, pezani kaye chilolezo cha komiti ya ethics ya pa sukulu panu, kalata mukaionetse kwa DC, kenako kwa a T/A ndi a mfumu. Kwesheniya iikeni pa KoboToolbox, imagwira pa foni popanda netiweki, mumatumiza mukafika poti pali intaneti. Mukafika pakhomo musayambe ndi foni m'manja. Odi kaye, akupatseni mkeka, mulonjerane, kenako nenani momveka kuti "mayi, ine ndine mwana wa sukulu, sindikulemba mayina a Mtukula Pakhomo kapena a feteleza wotsika mtengo, palibe chomwe mulandire kapena kulandidwa chifukwa cha mayankho anu." Bwerezani mawu amenewa pakati pa mafunso, chifukwa anthu akangoganiza kuti ndi kalembera wa thandizo, mbuzi zomwe mukuzimva zikulira kuseri kwa nyumba zimasanduka za achimwene. Ndipo mabanja musalole kuti a mfumu akusankhireni, tengani mndandanda wa mudzi wonse musankhe mwa mayere. Kumbukiraninso kuti kuno ndi kwa chikamwini, munda nthawi zambiri ndi wa mayi, ndipo fizi ya ana mwina analipira ndi a malume awo, ndiye funso loti "bambo anu anaphunzira mpaka pati" palokha silikwana, funsaninso za mayi ndi za yemwe analipira fizi.

Vuto lalikulu kuposa onsewa, lomwe panel yanzeru ya aphunzitsi idzakufunsani, ndi ili: amene sukulu inawapindulira kwambiri sali kuno. Mwana wa ku Muloza yemwe anakhoza bwino ali ku Limbe, ku Lilongwe, ena ku Joni. Minda kuno ndi yaing'ono, malo ambiri abwino ali ndi tiyi, ndiye wophunzira amachoka. Otsala m'mudzi omwe ali ndi MSCE ambiri ndi omwe ntchito inawavuta, ndipo inu mukayerekeza iwowo ndi anzawo a Sitandade 5 omwe ali ndi geni yotentha ya kaunjika, mupeza kusiyana kochepa, n'kulemba kuti ku Mulanje sukulu silipira. Ayi, sampulo yanu yasefedwa kale musanafike, zili ngati kuyeza kukoma kwa zinanazi za ku Mulanje pogwiritsa ntchito zotsala pa msika madzulo ogula atasankha kale. Pali njira ziwiri zochepetsera vutoli. Pa IHS anthu amafunsidwa komwe anabadwira, ndiye m'malo motenga okhala ku Mulanje ndi Thyolo tengani obadwira kumeneko kulikonse komwe ali m'Malawi muno. Pa deta yanu, funsani banja lililonse za ana omwe anachoka, anaphunzira mpaka pati, ali kuti, amatumiza zingati pa Airtel Money kapena Mpamba. Pali kusefeka kwinanso koti malipiro mumangowaona kwa omwe ali pa ntchito, makamaka kwa amayi, ndipo pa chimenechi pali njira ya James Heckman ya mu 1979 yomwe pa Stata ndi command imodzi, koma imafuna chinthu chokhudza kulowa ntchito chomwe sichikhudza malipiro, ambiri amagwiritsa chiwerengero cha ana aang'ono m'nyumba, konzekerani kuteteza chisankho chimenecho.

Kenako pali funso lakale lija, kodi ndi sukulu yomwe yakweza malipiro kapena munthuyo anali wochenjera kale, wa ku banja lopezako, woti akanapeza bwino ngakhale osaphunzira? OLS, regression wamba ija, payokha singasiyanitse. Akatswiri amasaka chochitika chomwe chinakankhira ena ku sukulu popanda iwo kusankha, Esther Duflo anagwiritsa ntchito masukulu omwe boma la Indonesia linamanga m'ma 1970, ndipo David Card, Joshua Angrist ndi Guido Imbens analandira Nobel mu 2021 chifukwa cha njira zoterezi. Ife tili ndi 1994, pomwe boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Mutha kuyerekeza omwe anali a msinkhu wa pulayimale nthawi imeneyo ndi omwe anali atapitirira kale. Kungoti chaka chomwecho makalasi anadzadza, ana ankaphunzirira pansi pa mitengo, boma linalemba aphunzitsi ambirimbiri osaphunzitsidwa ntchito, ndiye chaka cha sukulu cha 1996 sichofanana ndi cha 1986, zimenezi muzilembe poyera. Kwa digiri yoyamba ine ndingati musadzipweteke, chitani OLS yaukhondo, muikemo maphunziro a makolo, ndipo polemba muziti "zikuyendera limodzi" osati "zikuchititsa".

Mitengo nayo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ndalama za mu IHS ya 2019/20 simungaziike pambali pa zomwe mwatolera chaka chino osazisintha kaye ndi CPI, muyeso wa kukwera kwa mitengo, ya NSO. Pakati pomwepo panadutsa namondwe Freddy mu Malichi 2023 yemwe anawononga kwambiri ku Mulanje, funsani ngati banja linakhudzidwa muike ngati variable.

Ngati supavaiza akufunanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka, deta yomweyo ya zomwe banja limagwiritsa ntchito ikupatsani Gini, nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yomwe imakwera kusiyanako kukamakula, ya dziko lonse inali cha pa 0.45 mu 2010/11 n'kutsika kufika cha pa 0.38 mu 2019/20. Ya boma limodzi muziitenga mosamala, mamanejala a m'maesiteti sagwera kawirikawiri mu sampulo yaing'ono ndiye imatuluka yotsika kuposa zomwe maso akuona. Yesaninso lamulo la Ernst Engel la mu 1857 loti banja likamapeza bwino gawo la ndalama lopita ku chakudya limachepa, ndi graph imodzi yokha koma imathandiza kuona ngati deta yanu ili bwino, mzere ukamakwera m'malo motsika ndiye kuti penapake miyeso ya milu ndi ndowa ija yasokonekera.

Zonse chitani mu do-file, failo yolembamo ma command, osati kumangodina menyu, ndipo failo ya deta yoyamba musaikhudze, gwirani ntchito pa kope. Pa tebulo la zotsatira onetsani chiwerengero cha anthu, ma standard error omwe mwawapanga cluster pa mudzi kapena EA (kadera ka kalembera), ndipo amuna ndi akazi muwayendetsenso payekhapayekha. R-squared, gawo la kusiyana kwa malipiro lomwe fomyula yafotokoza, ikatuluka 0.2 kapena 0.3 musachite mantha n'kuyamba kuthiramo ma variable osafunika kuti ikwere, pa deta ya malipiro a anthu ndi mmene imakhalira.