Momwe tinapezera madokotala a mwana wathu wa trisomy 18

Mwana wathu anabadwa wochepa thupi, manja ali chifumbatire, tizala titasanjikizana. Kuyamwa ankalephera, mkaka tinkachita kumufinyira m'kakapu.

Kukiliniki ya kwathu anangotilimbitsa mtima. Ndinafunsafunsa pa Facebook, sizinathandize. Ndinafuna kungokwera basi ya ku Lusaka, koma mlamu wanga anandiletsa kuti popanda kalata yotitumiza kuchokera kuchipatala tikangovutika.

Chinatsegula njira ndi kalatayo. Tinapempha kuti atitumize kwa dokotala wa ana ku Chipata Central Hospital. Iwo atamuyeza anati akuganizira Edwards syndrome, dzina lina la trisomy 18: kromozomu (kanthu ka m'maselo konyamula chibadwa cha munthu) ya nambala 18 imakhala itatu m'malo mwa iwiri, ndipo ana ambiri otere amabadwa ndi vuto la mtima. Ndinawapempha alembe dzinali m'kalata, pamodzi ndi zofunika kuyeza: echo ya mtima, kuunika mtima ndi makina, ndi karyotype, kuyeza magazi kotsimikizira matendawa. Izi musaiwale, chonde! Ku University Teaching Hospital (UTH), chipatala chachikulu cha ku Lusaka, atangowerenga mawuwo anatilozera kwa madokotala a mtima wa ana.

Tinanyamula khadi la sikelo, la NHIMA (inshuwaransi ya boma ya zaumoyo), ndi kabuku kolembamo mkaka umene wamwa. Ndalama zambiri zinathera pa basi ndi pogona. Matendawa sachira, koma tsopano akudya kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo tili ndi tsiku lobwererako.