Mukapita kukaonera Maule ndi Manoma pa Kamuzu

Amene mukufuna kukaonera koyamba Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, choyamba ndi malaya. Ofiira ndi a Maule (Bullets), abuluu ndi a Manoma (Wanderers). Musakakhale ndi jezi yabuluu pakati pa anthu ofiira chifukwa choti mwaona malo a mthunzi. Chigoli chikalowa mudzaona zakuda. Ngati simusapota timu iliyonse, valani zoyera kapena zakuda basi.

Fikani msanga, dzuwa lisanafike pamutu. Chipwirikiti chimachitika pageti mpira ukatsala pang'ono kuyamba, anthu onse akufuna kulowa nthawi imodzi. Tisaiwale kuti pa 6 July 2017 anthu 8 anafa pokanganirana kulowa pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, ambiri mwa iwo ana. Ine ana ang'onoang'ono sinditenga pa masewero awa.

Tikiti gulani pamalo ovomerezeka, osati kwa anyamata oyendayenda panja. Foni ndi ndalama ikani m'thumba lakutsogolo.

Mpira ukatha musathamangire kutuluka. Khalani kaye, khamu lichepe, kenako kakwereni minibasi chakutali ndi geti, ku Chichiri kapena ku Ginnery Corner.