Mmene mungasungire mbiri ya nyumba ya pafamu yomwe inali likulu la asilikali

Ngati kwanu, kaya ndi ku Angónia, Tsangano kapena Macanga m'chigawo cha Tete ku Mozambique kuno, kuli nyumba yakale ya pafamu ya Mpwitikizi yomwe anthu amati munkagona akuluakulu a asilikali, musadikire kuti ena adzalembe mbiri yake. Amene anaona ndi maso akutha, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Yambirani kwa a nyakwawa. Malo ena otere pali manda, ndipo eni mudzi ndiwo amadziwa posayenera kuponda.

Funso loyamba likhale lakuti, "Agogo, inali nkhondo iti?" Anthu amasakaniza ziwirizi. Ya Frelimo ndi Apwitikizi inakolera m'Tete muno kuyambira 1968 n'kutha mu 1974. Ya Matsanga (Renamo) ndi boma la Frelimo, yomwe inathawitsira anthu ku Dedza ndi ku Ntcheu, inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Nyumba imodzi itha kukhala kuti inasungapo asilikali a mbali zonse. Chaka agogo sangachikumbuke, ndiye afunseni kuti anali atabereka mwana uti kumsana, kapena ngati chimanga chinali chitakololedwa.

Amayi muwafunse paokha, amuna asali pomwepo. Ine ndimakhulupirira kwambiri iwowa. Amene ankatunga madzi ndi kuphikira asilikali amadziwa chipinda chomwe munali wailesi, mosungira ufa, ndi momwe ankatsekeramo anthu. Akangoti zii, musawakakamize. Mubwerenso tsiku lina. Dzina la munthu musalilembe asanavomere, chifukwa ana a mbali zonse ziwiri akulima moyandikana mpaka lero.

Kenako jambulani pansi pa nyumbayo papepala, khonde, chitsime ndi maenje obisalamo. Mabowo a zipolopolo pakhoma muwajambule ndi foni mutaika bokosi la machesi pambali, kuti kukula kwake kuoneke.

Apa mundimvetsetse. Mu 2015 dziko lathu linalengeza kuti lachotsa mabomba okwirira pamalo onse omwe ankadziwika, koma zitsulo za nkhondo zimatulukabe. Chadzimbiri chilichonse chomwe simukuchidziwa musachigwire, musachigogode ndi khasu, musatenthe udzu pamenepo. Ikani chizindikiro chapatali, chotsanipo ana, kauzeni apolisi.

Zomwe mwalemba muzikopere kawiri. Zina zikhale pasukulu ya m'mudzimo, zina mukapereke ku ofesi ya zachikhalidwe paboma kapena ku ARPAC, bungwe la boma lofufuza ndi kusunga za chikhalidwe ndi mbiri yakale. Pokapereka tchulani lamulo la 10/88 loteteza zinthu zakale, mupemphe kuti nyumbayo ilembedwe anthu asanamalize kugumula njerwa zake.