Kupanga Golovesi Yoyendetsera Dzanja la Loboti

Golovesi yamtunduwu imayeza mmene zala za munthu zikupindikira, n'kutumiza uthengawo ku dzanja la loboti kapena ku dzanja looneka pakompyuta kuti lizitsanzira. Luso limeneli ndi lakale ndithu, pakuti kampani ya VPL Research ya ku America inkagulitsa DataGlove m'zaka za m'ma 1980, ndipo Mattel inatulutsa Power Glove ya masewera a Nintendo mu 1989. Lero munthu atha kudzipangira yake ali ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino Uno, ma flex sensor asanu (masensa oyeza kupinda), ma resistor asanu (tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi) ndi tiinjini tisanu ta servo, monga SG90, tosuntha zala za loboti.

Sankhani golovesi yansalu yogwira bwino dzanja, chifukwa yokhwepa imasokoneza muyeso. Kumsana kwa chala chilichonse sokani kathumba kotalika, ndipo sensa muilowetsemo osaimata ndi guluu, kuti izitha kusendera pang'ono chala chikamapinda. Samalani kwambiri kumunsi kwake, kumene kuli timiyendo tiwiri tolumikizira waya, pakuti pamenepo ndi pamene imathyokera ikapindidwa mwamphamvu.

Pa Arduino pali timabowo tolowetsa waya: 5V kotulutsa magetsi, GND kobwezera magetsi, ndi A0, A1 ndi tina towerengera masensa. Mwendo umodzi wa sensa upite ku 5V, winawo ukumane ndi resistor yopita ku GND, ndipo pamene zakumanapo patuluke waya wolowa ku A0, wa chala chachiwiri ku A1, mpaka A4. Ma servo akhale ndi batire lawolawo, koma GND yake ilumikizidwe ndi ya Arduino. Mukawadyetsa onse asanu kuchokera pa Arduino, mudzaona ikuzima n'kudziyatsa yokha.

Ntchito yeniyeni, imene ambiri amaithamangira, ndi kuphunzitsa golovesi dzanja la mwini wake. Arduino imawerenga manambala kuyambira 0 mpaka 1023, koma sensa imangoyenda kagawo kochepa ka pakatipo, ndipo palibe zala ziwiri zimene zimapereka manambala ofanana. Tambasulani dzanja patebulo, mulembe nambala ya chala chilichonse monga ikuonekera pa Serial Monitor, zenera la pakompyuta loonetsa zimene Arduino ikuwerenga. Kenaka kungani chibakera, mulembenso. Manambala awiriwo ndiwo muike mu map() ya chala chimenecho, lamulo la m'pulogalamu ya Arduino losandutsa nambala ya sensa kukhala madigiri a servo, ndipo lamulo lina, constrain(), liletse servo kupitirira malire. Wina akavala golovesiyo, muyesowo ubwerezedwe, popeza zala za anthu n'zosiyana kutalika. Chala cha loboti chikamanjenjemera dzanja lanu lili phee, werengani sensa kakhumi motsatizana n'kutenga avereji yake.

Chala chachikulu n'chovuta kuposa zonse, chifukwa chimapinda komanso kupita cham'mbali, ndipo sensa imodzi imangoona kupindako.

Zala za loboti zimakokedwa ndi ulusi wa mbedza womangidwa ku servo, pamene timalabala takumsana timaziwongola. Ngakhale servo imatha kuzungulira pafupifupi madigiri 180, yambani ndi ochepa, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka nsonga ya chala itagunda chikhatho, ndipo mukamva servo ikulira chala chitaima, bwererani m'mbuyo ulusi usanaduke.