Mkaka pawokha sungalowe m'malo mwa majarini

Chiyambireni nyengo ya maukwati chaka chino, ndayendera magulu a amayi ophika masikono ndi makeke ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, ndipo cholakwika chomwe ndachipeza ndi chimodzimodzi. Poona kuti majarini ndi batala zakwera mtengo, ambiri akungozichotsa n'kuthira mkaka wochuluka mu ufa, poganiza kuti popeza batala amachokera kumkaka, ndiye kuti ziwirizi zimagwira ntchito yofanana.

Zoona zake n'zakuti m'magalamu 100 a mkaka wa ng'ombe muli madzi pafupifupi magalamu 87, ndipo mafuta ndi magalamu 3 kapena 4 okha, pamene m'batala wolemera chimodzimodzi muli mafuta pafupifupi magalamu 80. Mafutawo ndi amene amakuta ufa wa tirigu kuti usagwirane kwambiri, pomwe madzi amauchititsa kunanda ndi kulimba mukamakanya. N'chifukwa chake sikono ya mkaka wokha imaoneka bwino ikamatuluka mu uvuni, koma pofika m'mawa imakhala itauma gwa, moti wogula amayamba waiviika mu tiyi kuti aitafune. Amene wagula yotere kamodzi sabweranso. Mukawerengera ufa, shuga, mazira ndi makala zomwe zapita pa beseni losagulidwalo, mupeza kuti mwataya ndalama zoposa za majarini amene munkawathawa. Ena afika pomenya mkaka kwa ola lathunthu kuti ukhale kirimu wopaka pa keke, chikhalirecho kirimu amafunika mafuta osachepera magalamu 30 pa 100 kuti akwere.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti mafuta amene tikuwasowawo timawataya tokha. Mlimi wina wa ng'ombe za mkaka ku Lusangazi anandidandaulira kuti mkaka wamadzulo umamutsalira, ndipo akazi ake amauwiritsa kuti ugone. Nditafika m'mawa wake ndinapeza mayiwo akuyengula zonona zonse za pamwamba ndi supuni n'kuponyera mphaka, ati ana amanyansidwa nazo mu tiyi. Tsiku lomwelo anatuma mwana kukagula majarini kugolosale. Chizolowezi chimenechi ndakhala ndikuchidzudzula kwa zaka zambiri, koma sichikutha, ngakhale kuti kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumathandiza kuti mkaka wowiritsa ugone bwino ndipo zonona ziyandame zokha.

Choncho yengulani zononazo, muzisunge m'kapu yovundikira pamalo ozizira, ndipo muzigwiritse ntchito mawa lake. Pamene pakufunika kapu imodzi ya kirimu wophikira, sakanizani magawo atatu a mkaka ndi gawo limodzi la batala kapena majarini wosungunula, koma musayembekeze kuti zimenezi zingamenyeke. Ngati majarini palibiretu, thirani mafuta ophikira ocheperako pang'ono kuposa muyeso wa majarini. Ngati mukuthira mkaka m'malo mwa kirimu mu supu wa matimati, sungunulani supuni ya ufa mumkaka, muthire kumapeto moto utachepa, kuopa kuti ungadukeduke.