Mankhwala a dipuleshoni sagwira sabata yoyamba, musawataye

Abale anga a ku Mbare, Mufakose, Highfield mpaka ku Epworth, pali vuto lomwe likundidetsa nkhawa. Munthu wapita ku kiliniki, amupatsa fluoxetine kapena amitriptyline chifukwa cha matenda ovutika maganizo (dipuleshoni), wamwa masiku ochepa basi, kenako akuti "sakugwira awa", mapiritsi aja n'kuwaponya mu kabati. Chonde tisamatero.

Muubongo mwathu maselo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timakemikolo, ena mwa iwo ndi serotonin ndi noradrenaline. Selo likatulutsa serotonin limamubwezanso mkati msanga, ndiye fluoxetine amatchinga kabwezedweko kuti serotonin akhalitse pakati pa maselowo, amitriptyline amatero kwa onse awiri. Zimenezi zimayamba m'maola ochepa mukangomwa, koma mtima kuti upepuke pamatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi chifukwa ubongo umazolowera pang'onopang'ono, ngati chimanga, mukathira feteleza lero sichibiriwira mawa lomwelo ayi.

Komanso musamve zoti matendawa ndi kuchepa kwa serotonin kokha. Maliro, kusowa ntchito, nkhanza pakhomo, matenda a mgonagona, zonsezi zimalowapo, n'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa mapiritsi ndi kucheza komwe. Agogo a Friendship Bench, ntchito yothandiza ovutika maganizo pocheza nawo yomwe anayambitsa Dr Dixon Chibanda konkuno ku Harare, amakhala pamabenchi m'makiliniki ndipo amamvetsera bwino zedi.

Masiku oyamba mutha kumva nseru, mutu kapena kusowa tulo ndi fluoxetine, ndiye mumwe m'mawa. Amitriptyline amagonetsa komanso kuumitsa kukamwa, ameneyu ndi wausiku, ndipo muziika patali ndi ana chifukwa akachuluka m'thupi amapha. Mowa usiyeni kaye. Ngati muli pa ma ARV, muli ndi pakati kapena mukumwa zitsamba, auzeni anamwino asanakulembereni.

Mukayamba kupeza bwino musasiye, pitirizani kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira monga adokotala anenera, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono, kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire ndi kusakhazikika, nthawi zina matenda aja n'kubwerera.

Makolo, achinyamata osakwana zaka 25 amene ayamba kumwa mankhwalawa muziwayang'anira kwambiri masabata oyambawo. Mwana akayamba kulankhula zodzipha musadikire tsiku lomwe anamulembera, pitani naye nthawi yomweyo ku kiliniki kapena ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa, ndipo musamusiye yekha.