Mwana wanu wamng'ono amupeza ndi mphumu? Yambirani apa

Amayi ndi abambo anzanga, ngati adokotala angokuuzani kumene kuti mwana wanu wa zaka ziwiri kapena zitatu ali ndi mphumu, ena amati asima, ndikudziwa kuti mtima uli m'mwamba. Koma mphumu siyopatsirana ndipo mwana atha kumasewera mpaka kutuwa mbuu ngati anzake bola inu mudziwe kagwiritsidwe ntchito ka inhela, kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu kuti awapume. Apa mpomwe ambirife timaphonya, mankhwala tili nawo m'nyumba koma sakufika m'mapapo mwa mwana.

Chomwe chimachitika nchoti timisempha ta mpweya m'mapapo mwake timatupa mkati nkuchepa, nde mwana amatsokomola makamaka usiku ndi m'bandakucha, pachifuwa pamalira ngati kakhweru ndipo amabanika. Ma inhela alipo a mitundu iwiri musawasokoneze. Ya buluu ija, salbutamol kapena Ventolin, ndi yotsegula njira pamene wabanika, imagwira pakangopita mphindi zochepa. Inayo nthawi zambiri imakhala ya bulauni, beclomethasone, ndi yoteteza, imachepetsa kutupa pang'onopang'ono ndipo simungaone kusintha tsiku lomwelo, pamatenga masabata. Si mwana aliyense amapatsidwa ya bulauniyi, koma ngati wanu amulembera muzimpatsa tsiku ndi tsiku olo akuoneka kuti ali bwinobwino, osati kusiya poti chifuwa chaleka. Mukamaliza mupukuteni kumaso ndi kansalu konyowa nkumpatsa madzi amwe kapena kumutsuka mano, kupewa zilonda zoyera za mkamwa.

Tsopano nkhani yayikulu. Mwana wamng'ono sangathe kukoka mpweya nthawi yeniyeni imene mukupopa, mukampopera mkamwa mwachindunji mankhwala amathera pa lilime ndi kummero basi. Pamafunika spacer, kachubu kokhala ndi masiki kumapeto, inhela mumalowetsa mbali inayo. Funsani ku chipatala kapena ku famase za mtauni, ndipo ikasowa musataye mtima, botolo lapulasitiki la 500ml limagwira ntchito, madokotala a ana ku Cape Town anayesa nkupeza kuti limathandiza ndithu. Mumaboola kunsi kwa botolo bowo lokwanira pakamwa pa inhela osasiya mpata wotulukira mpweya. Koma kwa kamwana kamene sikangatseke milomo pakamwa pa botolo pamafunikabe masiki, nde pemphani anesi akuwonetseni makonzedwe ake musanachoke.

Pompatsa mukhazikeni pamwendo panu atakhala tsonga, osamgoneka. Khutchumulani inhela, ilowetseni mu spacer, masiki igwire mphuno ndi pakamwa bwinobwino, popani kamodzi kokha nkumusiya apume kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Mukafuna kupopanso chotsani, khutchumulaninso, kenako kamodzi kenanso. Osapopa kawiri katatu motsatizana mu spacer ayi, mankhwala amangomatirira m'mbali. Masiku oyamba adzalira, adzakankha ndi miyendo yomwe, ndipo mwana akamalira mankhwala ochepa ndi amene amalowa, nde muyambe kumuzoloweza nthawi imene ali bwino, azisewera nayo masikiyo, muziyamba mwaika pa nkhope panu kapena pa chidole chake muziwerenga limodzi mokweza. Spacer muzitsuka ndi madzi a sopo wotsukira mbale nkuisiya iume yokha osapukuta ndi nsalu.

Padzabwera mawu ochokera kwa agogo, azakhali, aneba, akuti inhela mwana amazolowera, mukangoyamba basi moyo wake wonse. Amanena chifukwa chomukonda mwanayo koma sizoona, inhela siyizolowereka ngati fodya. Ndipotu mankhwala amapita m'mapapo momwe muli vuto, pomwe salbutamol wa sirapu amayamba wazungulira thupi lonse, amachedwa kugwira komanso amanjenjemeretsa kwambiri. Olo ya buluu yomweyo mwana atha kunjenjemera manja pang'ono mtima nkumagunda msanga, zimatha zokha. Komanso chonde tisamangogula amoxicillin kapena mankhwala a chifuwa pa golosale mwana akangotsokomola, mphumu sichira ndi zimenezo.

Akabanika mpatseni ya buluu monga anakulemberani, kwa ana ang'ono nthawi zambiri amayamba ndi kupopa kawiri ndipo mutha kubwereza pakatha mphindi 20. Muuzeni dokotala alembe ndondomekoyi mu buku la kuchipatala la mwanayo, chifukwa 2 koloko usiku mutu sugwira. Ndipo izi muziloweze pamtima: mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, akupuma kopitirira ka 40 pa mphindi ali phee, akulephera kuyamwa, kumwa kapena kulankhula, milomo kapena lilime zikuda, wafooka akungofuna kugona, kapena mwampatsa inhela koma sizikusintha, musadikire kuche. Nyamukani kupita ku chipatala, kaya ndi ku Mzuzu Central, ku Mapale kapena ku St John's komwe kuli pafupi, inhela ndi spacer zili mmanja muzimpopera munjira. Nambala ya wa taxi kapena wa kabaza wa njinga yamoto amene amayankha usiku ikhale mufoni mwanu kuyambira lero. Akakhalanso ndi thupi lotentha kumbukirani kuti chibayo chimafanana ndi mphumu, musaganize nokha kunyumba.

Zoyambitsa zake kuno ku Mzuzu ndiye zilipo zambiri. Kuzizira kwa June ndi July tonse timakudziwa, kumabwera ndi chimfine, ndipo chimfine ndiye chimadzutsa mphumu kwambiri mwa ana ang'ono. Nthawi yomweyo mpamene timalowetsa mbaula m'nyumba kuti tiziwotha, mazenera atatsekedwa, imeneyi nde ndikukupemphani musiye, mvekeni juzi ndi chipewa mumfunditse bulangete koma makala akhale panja. Kuphika pa nkhuni mwana ali kumbuyo nakonso, ndikudziwa kuti nthawi zina palibe womusiyira koma yesetsani, olo kumukhazika pakhonde mbali yosapita utsi. Koyilo wa udzudzu ndi Doom m'chipinda chake ayi, gwiritsani neti. Abambo kapena amalume osuta akasutire kutali ndi nyumba. Nthawi ya mvula makoma a nyumba zambiri zalendi amachita nkhungu zakuda zija, pukutani, tsegulani mazenera masana, yanikani matilesi ndi mabulangete dzuwa likatuluka. Kukafika September ndi October ndi fumbi ndi utsi wa moto wa tchire ndi zinyalala, wazani madzi musanasese ndipo mwana akhale kwina. Mphemvu nazo ndi amphaka, ana ena amadana nazo. Si zonse zimene zingamuvute wanuyo, muzingowonetsetsa kuti wabanika kutachitika chani nkulemba kumapeto kwa kope, pamodzi ndi masiku amene mwagwiritsa ntchito ya buluu.

Kopelo muzipita nalo ku chipatala. Ngati ya buluu ikufunika kangapo sabata iliyonse kapena akudzuka usiku pafupipafupi ndi chifuwa ndekuti mphumuyo sinagonje, mwina akufunika yoteteza kapena ayang'anenso mmene mukupopera, tengani spacer yanu muwawonetse. Inhela ya salbutamol nthawi zambiri imakhala ya kupopa ka 200 ndipo ikatha imapitirizabe kutulutsa kampweya ngati kuti mudakali mankhwala, nde lembani tsiku limene mwayamba ndipo pezani ina isanathe. Aliyense amene amatsala ndi mwanayo, antchito, agogo, aphunzitsi aku mkaka, muwaphunzitse kupopa ndi manja awo inu mukuona ndipo muwasiyire nambala yanu.